Kubweza ZODB (database ya Plone) mmbuyo kufika Lachiwiri, zitheka osataya ntchito ya anthu?

wa_ku_katoto:

Abale amene mumagwira za Plone (pulogalamu yoyendetsera webusaiti) ndi Zope (seva imene Plone imayendapo) ndithandizeni chonde. Ndimasamala seva ya kabungwe kena kakang'ono kuno ku Mzuzu, malipoti onse a ma field officer amasungidwa pa Plone. Ndiye Lachiwiri masana munthu wina mu ofesi anafufuta foda yonse ya malipoti a chaka chino limodzi ndi ma PDF ake, sanachite dala, ankafuna kuchotsa kafoda kena kopanda kanthu. Tazindikira lero Lachisanu pomwe abwana amafuna lipoti la ku Ekwendeni. Ndapita ku Undo mu ZMI (tsamba loyendetsera Zope), transaction yake (kusintha kolembedwa mu database) ndikuiona bwinobwino koma ndikadina ikukana. Data.fs (fayilo ya database) ilipo, blobstorage (foda yosunga mafayilo ngati ma PDF, amene timati ma blob) ilipo, repozo (yopanga bakapu) imayenda usiku uliwonse. Ndiye funso langa, ndingabweze database yonse kuti ikhale mmene inalili Lachiwiri mmawa? Wina anandiuza kuti umangodula Data.fs kumapeto basi zatheka, koma mtima wanga sukuvomera chifukwa Lachitatu ndi Lachinayi anthu akhala akulowetsa zinthu zambiri.

mlenje_luwinga:

Achimwene musanachite china chilichonse tsegulani crontab (ndandanda ya ntchito zoyenda zokha pa seva) pompano muone ngati muli zeopack (pulogalamu yopanga pack), ngati ilimo ithimitseni kaye. Pack ndi imene imachotsa zakale, ikayenda foda yanuyo ndi ma blob ake zipita zenizeni. Kenako kopani Data.fs ndi blobstorage yonse muike pa disiki ina. Zina zonse tikambirana mukatha zimenezi.

mai_sysadmin:

A mlenje anena zoona, yambani ndi zimenezo. Tsopano mtima ukhale pansi, malipoti anu akadalimo mu fayilomo. FileStorage, imene imalemba Data.fs, sifufuta pamalo pomwepo, kusintha kulikonse imakulemba kumapeto kwa Data.fs ngati transaction yatsopano, ndiye munthu akafufuta foda chomwe chalembedwa nchoti foda yaikulu ija sikulozanso kwa mwana wakeyo, koma mwanayo ndi zonse za mkati mwake zili pomwe zinali. Zili ngati kaundula wa kwa amfumu, salemba pamwamba pa zakale, amangotsegula tsamba lina. Transaction iliyonse ili ndi tid (nambala yoizindikirira) yake ya ma byte 8 ndipo tid imeneyo ndi nthawi yomwe inalembedwa, nchifukwa chake kubwerera mmbuyo nkotheka.

Undo ikukana chifukwa ma object amene transaction ya Lachiwiri inakhudza asinthidwanso pambuyo pake. Pa Plone izi zimachitika msanga kwambiri, portal_catalog (kalozera amene search imagwiritsa ntchito) imakhudzidwa pafupifupi nthawi iliyonse munthu akasunga kanthu, ndiye pakadutsa masiku atatu anthu akugwira ntchito Undo iwalani. Imathandiza ukazindikira nthawi yomweyo.

Ine sindingakulangizeni kubweza database yonse. Mukabweza yonse mupulumutsa foda imodzi nkupha ntchito ya ofesi yonse ya masiku awiri, ndipo Lolemba mudzakhala mukufotokozera anthu asanu mmalo mwa mmodzi. Chomwe mukufuna ndi kusuzumira Lachiwiri mmawa, kutengako foda ija, nkubwera nayo lero. Kuyambira ZODB 3.9 pali historical connection, mumalemba db.open(at=nthawi) ndipo mumaona database mmene inalili nthawi imeneyo, kuwerenga kokha, simungalembemo. Ngati mukufuna Plone yonse idzuke ndi nkhope ya Lachiwiri kuti muziyendamo ndi browser, pali zc.beforestorage, mumaikulunga pa kope ya Data.fs ija nkuiuza nthawi. Poti Zope imafuna kulemba tinthu poyamba, ikani DemoStorage pamwamba pake kuti zolembazo zizigwera pambali. Mukalowa pangani export ya foda ija ituluke ngati fayilo ya zexp, muiike mu foda ya import ya seva yeniyeni, mulowetse, kenako reindex kuti search iziipeza. Yesani kaye zonsezi pa laputopu, osati pa seva imene anthu akugwiritsa ntchito.

chibavi_py:

Ndingoonjezera pa nkhani ya nthawi chifukwa apa mpomwe anthu ambiri amagwa. Ma tid ali mu UTC (nthawi ya ku Greenwich) ndipo ife kuno tili patsogolo ndi maola awiri, ndiye ngati foda inafufutidwa 2 koloko masana pa wotchi ya mu ofesi, ku database inali 12:00. Mukalemba 13:00 poganiza kuti mwabwerera ola limodzi mupeza foda palibe kale nkuyamba kuganiza kuti zatayika. Lembani 11:30 kapena kucheperapo. Repozo nayonso -D yake imawerenga UTC, mumapanga repozo -R -r foda ya bakapu -D deti -o fayilo yatsopano, koma dziwani kuti siyikupatsani mphindi yeniyeni, imakupatsani bakapu yomaliza isanafike nthawi mwatchulayo, kwa inu ndiye Lolemba usiku. Malipoti amene analowa Lachiwiri mmawa sadzakhalamo. Komanso repozo imasunga Data.fs yokha, ma blob ayi, pokhapokha ngati munaika collective.recipe.backup kapena rsync pambali. Njira ya amai pamwambapa ndiyo yabwino kwa inu poti Data.fs yamoyo ili ndi mbiri yonse kuchokera pa pack yomaliza.

wa_ku_katoto:

Yewo chomene nonse. Zeopack inalimodi mu crontab, imayenda Lamlungu usiku ndi -d 0, thupi lachita kuzizira nditaona. Ndaithimitsa ndipo kope ili pa disiki ina. Koma funso limodzi, za kudula Data.fs zija ndi bodza kapena zimathekadi? Ndikufunsa poti zc.beforestorage ifuna ndiyendetsenso buildout (imene imadawuniloda ndi kuika zofunika pa Plone) ndipo bandulo ya intaneti ya ku ofesi yatsala pang'ono kutha.

mlenje_luwinga:

Si bodza akulu, zimatheka, ndipo pa kope palibe choopsa. Poti zonse zimalembedwa motsatana, ukadula fayilo pamene payambira transaction yoipayo chotsalacho ndi database yathunthu ya nthawi imeneyo. Yendetsani fsdump (imatulutsa ndandanda ya ma transaction onse) pa kope ija, fayilo ikakhala yaikulu zotuluka zake nzambiri zedi ndiye ziponyeni mu fayilo ina muzisaka ndi grep, pezani transaction ya Lachiwiri cha mma 12:00 imene description yake ikutchula kufufuta, tengani offset yake (malo ake mu fayilo), dulani ndi truncate. Mukadula pakati pa transaction FileStorage potsegula imachotsa yokha kachidutswa kosakwanirako nkukasunga pambali ngati Data.fs.tr0. Data.fs.index yakale musaikope, ifufuteni, ipanga ina yokha ngakhale ichedwa pang'ono kudzuka. Ndiye dzutsani instance ina pa port ina yoloza ku kope yodulidwayo ndi kope ya blobstorage, export zexp, basi mwafika pomwe amai amanena popanda kudawuniloda kanthu. Chokhacho ndikupempheni, musanamenye Enter pa truncate werengani path kawiri, ikakhala ya seva yamoyo palibe Undo ya zimenezo.

mai_sysadmin:

Ndipo mukamaliza, pack ija musaisiye yothimitsa mpaka kalekale, disiki idzadza. Ibwezeni koma ndi -d 14 kapena 30 ngati malo alipo, kuti foda ikadzasowanso anthu nkuzindikira mochedwa mbiri idzakhale ikadalipo. Mukalowetsa zexp tsegulani ma PDF angapo muone ngati akutseguka, muonenso ma permission ndi workflow state, malipoti amene anali private asapezeke ali poyera.