Ndikusochera pa solo ya rhythm changes, ndithandizeni

Woimba gitala:
Akuluakulu, nkhani iyi yandikwana. Gitala ndaimba zaka zambiri, ma chord ndimawadziwa, ma scale a major pamodzi ndi ma mode ake ndimawaimba m'makiyi onse 12 osayang'ana zala, koma chilowereni m'gulu la jazz sindinaimbepo solo imene ndingafune kuimvanso. Zimavuta kwambiri tikafika pa rhythm changes mu B flat, ndondomeko ya ma chord ya ma bar 32 yokhala ndi zigawo zinayi za ma bar 8 (A, A, bridge ndi A) zimene pamodzi zimapanga chorus imodzi. M'chigawo cha A ma chord amasintha kawiri pa bar iliyonse, moti pamene ine ndikuganiza scale yoyenera Cm7, anzanga amakhala atadutsa kale F7, ndipo chimene chimatuluka ndi kungokwera ndi kutsika. Choipitsitsa n'chakuti A womaliza wa chorus amalumikizana ndi ma A awiri a chorus yotsatira, ndiye ndimalowa bridge kutatsala ma bar 8. Kunyumba ndi iReal Pro, pulogalamu ya pa foni yoimba ma chord poyeserera, zonse zimayenda bwino. Mtsogoleri wa gulu wanena kuti zikapitirira chonchi azindisiyira comping yokha, kutanthauza kuimba ma chord operekeza ena. Ndichite chiyani?

Mkulu woimba saxophone:
Achimwene, tsekani mabuku ndi foniyo, mutenge solo imodzi ya munthu amene mumamukonda, muiphunzire ndi khutu noti ndi noti mpaka muziimba pamodzi naye osasiyana ngakhale popuma. Woimba gitala Wes Montgomery anayamba ndi kuloweza ma solo a Charlie Christian kuchokera pa malekodi, ndipo woimba saxophone Charlie Parker anachita chimodzimodzi ndi ma solo a Lester Young. Njira ina palibe.

Woimba piyano:
Kuloweza ma solo n'kofunika, koma sikuyankha zimene afunsa mnzathuyu. Vuto lanu, achimwene, ndi lakuti mukupatsa chord iliyonse scale yake, pamene pa liwiro limenelo palibe amene angaganize ma scale awiri pa bar imodzi. Yambani ndi manoti awiri okha pa chord iliyonse, yachitatu (3) ndi yachisanu ndi chiwiri (7). Pa Cm7 ndi E flat ndi B flat, pa F7 ndi A ndi E flat, ndipo pa B flat major 7 ndi D ndi A. Mudzaona kuti noti imodzi imakhala pomwepo pamene inzake ikutsika theka la sitepe: B flat imatsikira pa A, kenako E flat imatsikira pa D. Kutsika kumeneko ndiko kumene khutu la womvera limakuzindikira ngati kusintha kwa chord, ngakhale piyano ndi bass zitakhala chete. Imbani manoti amenewa okha chorus yonse, pang'onopang'ono, kenako muziwonjezera noti imodzi kapena ziwiri zolowera pa iwo. Ndikuchenjezeninso kuti musayambire pa rhythm changes. Blues ya ma bar 12 mu B flat yomweyo idzakuphunzitsani zomwezi popanda kukupanikizani.

Woimba ng'oma:
Ine ndinene za kusochera, chifukwa ndife a kumbuyo amene timavutika nako. iReal Pro imakusonyezani bar imene muli, choncho maso ndiwo akhala akuwerenga, khutu likugona. Tembenuzani foniyo poyeserera. Pa siteji, woimba ng'oma wabwino amaika chizindikiro pakutha pa ma bar 8 alionse ndipo amasintha kamvekedwe polowa bridge, koma woimba solo amene mutu wake wadzaza ndi ma scale sazimva. Dziwaninso kuti si inu nokha. Nyimbo ya So What ya Miles Davis, ya mu 1959, ili ndi ma chord awiri okha, koma anthu amasocheramo chifukwa ma bar 8 omaliza a scale ya D dorian akakumana ndi 16 oyamba a chorus yotsatira amakhala 24 ofanana.

Mayi woimba ndi mawu:
Ndikufunseni chinthu chimodzi, achimwene: kodi mungathe kuimba ndi pakamwa mutu wa nyimboyo, ndiye kuti melody yake, kuyambira poyamba mpaka pomaliza mutasiya gitala pansi? Ophunzira anga ambiri amene amasochera amadziwa ma chord a nyimbo koma nyimboyo saidziwa. Mutu ukamayenda m'maganizo mwanu pamene mukuimba solo, A wachiwiri simungamusokoneze ndi A womaliza, pakuti mumamva kumene nyimbo ikupita. Ndiponso gitala ili ndi msampha umene ife ndi a malipenga tilibe, wakuti zala sizifuna mpweya, ndiye zimatha kuthamanga osaima. Yesani kuimba ndi pakamwa chilichonse chimene zala zikuchita, ndipo mpweya ukatha nazonso ziime.

Mkulu woimba saxophone:
Zonse mwanenazi zili m'ma solo amene ndatchula. Manoti a mnzathu wa piyano alimo, popumira pa mayi palimo, ngakhale malo olowera bridge amamveka. Bwanji kuzigawa zidutswazidutswa pamene mungazitenge zonse pamodzi kwa eni ake? Lowezani solo.

Woimba bass:
Nkhani ya bridge yandikumbutsa usiku wina pa jam session. Woimba lipenga wina analowa bridge msanga, wa piyano anamutsatira pofuna kumupulumutsa, ine ndinakana kusuntha, ndipo kwa chorus yathunthu gulu linali m'malo awiri osiyana mpaka wa ng'oma anachita kumenya cymbal mwamphamvu kuti tonse tiyambirenso pamwamba. Chiyambire pamenepo ndimauza aliyense kuti akasochera asiye kuimba, amvetsere bass. Bridge ya rhythm changes siingabisike: D7, G7, C7, F7, iliyonse ma bar awiri, ndipo D7 ija imabweretsa F sharp amene amamveka mlendo pambuyo pa ma bar 16 a B flat. Kukhala chete ma bar anayi palibe amene angakudzudzuleni, koma kulimbikira pamalo olakwika kumagwetsa gulu lonse. Samalaninso ndi makope akale a Real Book, buku la nyimbo za jazz ndi ma chord ake. Analembedwa ndi ophunzira a pa sukulu ya zoimbaimba ya Berklee m'zaka za m'ma 1970 ndipo muli zolakwika, moti ndi bwino kuyerekeza ma chord ake ndi lekodi musanawaloweze.

Woimba piyano:
Akulu a saxophone, ndi ulemu wonse, ndaonapo anthu oloweza ma solo ambirimbiri amene amangobwereza ziganizo za eni ake, nazilowetsa paliponse ngakhale pamene chord siikulola. Ngati mnzathuyu aloweza, atenge ma bar awiri kapena anayi okha, amvetse chifukwa chake akugwira ntchito pa ii-V-I (monga Cm7, F7 ndi B flat major 7 aja), awasamutsire m'makiyi ena, kenako awasinthe kayendedwe mpaka akhale ake. Asayambenso ndi Parker pa liwiro lake lenileni. Kuthamanga si kufika.

Mkulu woimba saxophone:
Amene mwawaonawo sanaloweze mokwanira. Parker yemweyo, pocheza ndi woimba saxophone mnzake Paul Desmond pa wailesi mu 1954, ananena kuti ankayeserera maola 11 mpaka 15 pa tsiku kwa zaka zitatu kapena zinayi. Ife tikufuna zotsatira zake ndi theka la ola ndi foni m'manja. Mnyamata aloweze solo yonse, kumvetsa kudzabwera pambuyo pake.

Woimba ng'oma:
Maola amenewo musawatengere, manja amavulala. Chimene palibe watchula ndi nthawi. Noti yolakwika yoikidwa pamalo ake imamveka bwino kuposa noti yolondola yochedwa. Ikani metronome kuti izigunda pa 2 ndi 4 ngati hi-hat, ndipo mudzijambule kuti mumve ngati mumathamangira kutsogolo pamene chord yovuta ikuyandikira.

Woimba bass:
Za metronome pa 2 ndi 4 sindigwirizana nazo kwa munthu amene akusochera kale, chifukwa akangotembenuza beat sadzadziwanso pamene 1 ali. Ayambe ndi 1 ndi 3 mpaka akhazikike. Koma achimwene a gitala, simunatiuze: gulu lanu limaiimba pa liwiro lanji nyimboyi, ndipo wa piyano amapitiriza comping pa solo yanu kapena amakusiyani ndi bass ndi ng'oma zokha?