Zitseko za mu Star Trek: zoona ankakoka ndi chingwe?

Wa ku Chitakale:
Abale, ndithandizeni. Malume anandisiyira fulashi ya Star Trek yakale ija, sewero la pa TV la ku America la anthu oyenda m'chombo cha mumlengalenga, loyamba mu 1966, ndipo chiperoni chikaphimba phiri ngati sabata ino ndimangokhalira yomweyo. Ineyo ndimajambula timasewero pafoni ndi anyamata akwathu, ndiye maso anga amakhala pa zitseko zotseguka zokha zija. Malume akuti panalibe makina, kuseri kwa khoma kunkabisala munthu wokoka. Akundinamiza eti? Anthu a ku America n'kuchita zokhomakhoma ngati ife?

Mphunzitsi wopuma, Luchenza:
Malume akowo sananame, mwanawe. Ankakoka ndi manja akapatsidwa chizindikiro. Wosewera sankaloledwa kuchepetsa liwiro pofika pakhomo, ndiye wokokayo akangochedwa, mphuno pachitseko, phwa! Kaphokoso ka "shwii" ankachita kuikamo pambuyo.

Nkhani inali ndalama. Ankajambulira ku Desilu, kampani ya mayi Lucille Ball, ndipo gawo loyesera loyamba a wailesi ya kanema ya NBC analikana. Wawaona makina omwaza munthu n'kukamutulutsira kwina aja? Gene Roddenberry, amene anayambitsa seweroli, anawerengera kuti kutsitsa chombo padziko lachilendo sabata iliyonse kumaliza thumba, n'kuti bola anthuwo azingozimiririka. Kunyezimira kuja ndi ufa wa aluminiyamu. Ankauthothola powala nyali, kumbuyo kuli kwakuda, kamera ataizondotsa kuti uzioneka ngati ukukwera.

Telala wa pa Bvumbwe:
Aphunzitsi, mwaiwala zovala. Ine ndikaonera ndimayang'ana msoko basi, ntchito inandiononga maso. Malaya a nyengo (season) zoyambirira za seweroli anali a velour, nsalu yofupika ikachapidwa. Onetsetsani mikono, ina imathera m'mwamba ngati yunifolomu ya mwana wa sitandade 8 yosokedwa ali mu 5. Komanso tizida tina ta McCoy, dokotala wa m'chombomo, tinali timabotolo tothirira mchere patebulo.

Kalaliki wa ku esiteti:
Koma tisamangoombera m'manja umphawi. Zina zinaipa ndithu. A NBC ankafuna kuithetsa, oonera analemba makalata ambirimbiri mu 1968, inapulumuka, koma anaikankhira Lachisanu 10 koloko usiku, achinyamata ali kokayenda, ndalama n'kuzidulanso. N'chifukwa chake nyengo yachitatu magawo ambiri anthu amangozungulira m'chombo momwemo. Inatha mu 1969, magawo 79 okha. Achimwene a ku Chitakale, mukafika nyengo imeneyo mudzandiuze ngati simudzasinza.

Wa ku Chitakale:
Zikomo nonse. Akalaliki, ndikadali nyengo yoyamba, musandigwetse ulesi.

Dzulo tayesa. Tinaimika mapulayiwudi awiri pakhomo la kitchini ya agogo, mng'ono wanga mbali iyi, msuweni mbali iyo, aliyense ndi chingwe cha linya. Koyamba linatseguka limodzi lokha. Kachiwiri msuweni anali pa WhatsApp, "kaputeni" wathu n'kugunda chipumi, pano ali ndi chotupa ngati dzira la nkhanga. Kachisanu zinatheka, koma tambala analira pakati penipeni.

Aphunzitsi, ufa wa aluminiyamuwo ine ndiupeza kuti kuno? Ndikuganiza zonyenyanyenya pepala lonyezimira la m'paketi ya tiyi, kumbuyo n'kupachika chitenje chakuda, tochi pambali. Foni ndiizondotsa ndekha.