Kodi satifiketi ya life coach imadya ndalama zingati?

Mphunzitsi wa ku Nchalo: Moni nonse. Kwa zaka zambiri achinyamata amene anamaliza Fomu 4 akhala akubwera kwathu kudzapempha malangizo pa za ntchito ndi bizinesi, ndipo ndaganiza zoti ntchitoyi ndiiphunzire mwadongosolo. Pa Facebook ndikuona maphunziro a life coach (munthu wothandiza ena kupeza njira pa moyo ndi ntchito yawo powafunsa mafunso) amitengo yosiyana kwambiri, ena otchipa ngati thumba la chimanga, ena okwera kuposa njinga yamoto. Amene munadutsamo, kodi ndalama zenizeni zimapita kuti?

Mwana wa ku Ngabu, wokhala ku Blantyre: Aphunzitsi, choyamba dziwani kuti m'mayiko ambiri palibe lamulo lokakamiza munthu kukhala ndi satifiketi asanadzitche life coach, ndipo n'chifukwa chake mitengo ili chipwirikiti. Satifiketi yodziwika kwambiri ndi ya bungwe la International Coaching Federation, limene linakhazikitsidwa ku America mu 1995. Gawo lake loyamba, lotchedwa ACC, limafuna maola 60 a maphunziro, maola 100 othandiza anthu enieni, ndiponso maola 10 oyang'aniridwa ndi katswiri pa miyezi yosachepera itatu, kenako mayeso. Gawo lachiwiri, PCC, limafuna maola 125 a maphunziro ndi maola 500 a ntchito.

Bungwelo silikuphunzitsani lokha ayi. Mumalipira sukulu imene linavomereza, ndipo apa ndiye pagona ndalama zambiri, kawirikawiri madola masauzande angapo. Pamwamba pake pali ndalama yofunsira satifiketi, ya katswiri uja ngati sukulu sinamuphatikize pa fizi, komanso yokonzanso satifiketi zaka zitatu zilizonse, mutasonyeza maola 40 a maphunziro owonjezera. Zonsezi ndi za madola. Ine ndinayamba kulipira pang'onopang'ono kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo gawo la fizi limene linatsala linandidyera ndalama zimene ndinasungira malata a nyumba ya mayi anga. Musaiwalenso bando ya intaneti, poti makalasi amachitika pa Zoom, nthawi zina usiku chifukwa cha kusiyana kwa nthawi.

Mayi wa ku Bangula: Ndikuwonjezereni chenjezo, bambo. Ine ndinalipira maphunziro a masabata awiri a pa WhatsApp, ndinagulitsa mbuzi ziwiri, ndipo satifiketi inabwera yokongola, ya chidindo chagolide. Nditapita nayo kukafunsira ntchito ku bungwe lina ku Nsanje, bwana anaitembenuza kawiri, n'kundifunsa mwaulemu kuti sukuluyo ili kuti, ndipo ndinasowa choyankha. Musanatumize ndalama iliyonse, fufuzani dzina la sukulu pa mndandanda umene uli pa tsamba la bungwe anatchula achimwenewa.

Bambo wopuma pa ntchito, Chikwawa: Funso langa ndi lina: adzakulipirani ndani? Kuno kwathu munthu akasowa nzeru amapita kwa ankhoswe, kwa anankungwi kapena kwa abusa, ndipo malangizo salipiritsa. Mukati ndinu kochi, ambiri adzaganiza kuti ndi wa mpira. Amene angalipire ndi mabungwe ndi makampani, mwina akuluakulu a kuminda ya nzimbe, koma mlimi wa thonje amene namondwe Freddy anamukokolera munda mu 2023 sangatulutse ndalama kuti kochi amufunse mafunso.

Mwana wa ku Ngabu: Bambo anena zoona, ndipo nkhaniyi ikukhudzanso satifiketi yeniyeniyo, chifukwa pa maola 100 aja, 75 ayenera kukhala olipidwa, ndipo anthu ake asachepere asanu ndi atatu. Chopepukira n'chakuti bungwelo silitchula kuchuluka kwa malipiro, ndipo limavomereza kusinthana ndi katundu kapena ntchito. Wina akakupatsani nkhuku kapena ndowa ya mapira, ola limenelo limawerengedwa, bola mulembe m'kaundula dzina, tsiku ndi maola, mwini wake atavomera.

Mphunzitsi wa ku Nchalo: Zikomo nonse. Ndiyamba ndafunsa masukulu awiri kapena atatu ovomerezeka ngati amalola kulipira m'magawo, komanso ngati maola a katswiri ali kale mu fizi. Achimwene a ku Ngabu, ngati n'kotheka ndiuzeni kuti madola munawapeza bwanji kubanki, chifukwa ndikuona kuti mpamene pandivute.