Ndinasiya nsima thupi n'kutsika, koma pano sikelo yaima. Ndithandizeni nzeru

Moni nonse. Ndine mayi wa ana atatu, ndimasoka zovala ku Ndirande, ndiye tsiku lonse ndimakhala pa mashini. Chibadwire mwana womaliza thupi silinabwerere mwakale, mawondo anayamba kuwawa, BP nayonso inakwera. Kuchipatala anandiyeza m'chiuno n'kunena kuti kwa ife azimayi zikapitirira masentimita 88 ndiye kuti mafuta a pamimba achuluka, ndipo ine ndinali nditadutsa kale pamenepo.

Ndinasiya nsima, mpunga, buledi, mandasi ndi shuga wa mu tiyi. M'mawa ndimadya mazira owiritsa ndi peyala, masana usipa ndi nkhwani wotendera, madzulo therere kapena chainizi, nyama ikapezeka. Masiku oyambirira ndinavutika, mutu kuwawa, kufooka, kudzimbidwa. Kenako thupi linapepuka mpaka masiketi anga ndinawabweza m'chiuno ndekha. Koma tsopano sikelo sikusunthanso.

Chikundivuta kwambiri ndi pakhomo. Usipa womwe umakwana tonse pakakhala nsima, ndikaudya wokha sukwana, ndipo ndalama ya ndiwo ikutha mwezi usanathe. Apongozi atabwera kuchokera kumudzi anandiona ndikudya ndiwo zokhazokha, anaitanira mwana wawo pambali kumufunsa ngati ndikudwala. Zinandipweteka mumtima. Kumaliro nako ukakana nsima amati ukudzikweza.

Kodi ndikayambanso ka mtanda kamodzi thupi libwerera lonse? Komanso mayi anga ondibereka ali ndi matenda a shuga, amabaya insulin, ndipo akufuna kunditsanzira. Ndiwalole?

Namwino wina: Asisi, za amayiwo musayerekeze musanaonane ndi adokotala awo. Munthu wobaya insulin kapena womwa mapiritsi a shuga a glibenclamide akasiya nsima mwadzidzidzi mlingo wa mankhwala uli womwewo, shuga amatsika kwambiri. Amayamba kunjenjemera, thukuta, kusokonezeka mutu, mwinanso kukomoka. Inunso ngati mukumwa mankhwala a BP muziyezetsa pafupipafupi, chifukwa thupi likatsika BP imatsikanso ndipo mlingo ungafunike kusintha. Za sikelo musadandaule. Makilo oyamba aja ambiri ndi madzi, popeza shuga wosungidwa m'chiwindi ndi m'minofu amasunga madzi. Mafuta enieni amachoka pang'onopang'ono. Muzidziyeza ndi tepi yanu yosokera.

Bambo wina wa ku Zomba: Ine ndinasiyiratu ngati inu koma sindinapirire, zinkandidula. Pano ndimadya mtanda umodzi wa mgaiwa masana okha, theka la mbale masamba, kwinako nyemba kapena matemba. Thupi silinabwerere. Chimene ndinasiyiratu ndi zakumwa zotsekemera ndi mowa.

Mayi wina: Onetsetsaninso nsinjiro ndi mapeyala, mayi. N'zabwino ndithu, koma zili ndi mafuta ambiri, ndipo munthu akasiya nsima amazichulukitsa osadziwa. Mafuta ophikira nawo musamangothira, muziyeza ndi supuni.

Mayi wachikulire: Mwanangu, apongoziwo usawakwiyire. Ife tinakula m'nthawi imene munthu akayamba kuwonda anthu ankadziwa kuti kunyumbako kwagwa matenda, ndipo tinaika ambiri. Akufunsa chifukwa cha mantha. Khala nawo pansi, uwaonetse buku lako lakuchipatala, uwauze kuti ndi BP. Pamaliro tema kambamu kamodzi udye ndi anzako, sikangakunenepetse.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Amayi ndawaimbira kuti asasinthe kalikonse mpaka tipite limodzi ku kiliniki ya shuga. Anamwino, mgaiwa umene bambowa akunena, kodi umasiyana kwenikweni ndi ufa woyera kwa munthu wofuna kuchepetsa thupi?

Namwino uja: Onse ndi chimanga ndipo onse amakweza shuga m'magazi. Mgaiwa uli ndi gaga, ndiye umakhalitsa m'mimba ndipo umathandiza pa kudzimbidwa kuja. Koma kukula kwa mtanda ndiye nkhani yaikulu. Yambani ndi wofanana ndi chibakera chanu, masana okha, muone m'chiuno pakatha mwezi.