Ma electron amazipeza pati mphamvu zonsezi nthawi ya substorm?

Akuluakulu odziwa za fizikisi ya mlengalenga, ndithandizeniko, pali pomwe mutu wanga waima.

Chiyambi cha substorm, komwe ndi kumasuka mwadzidzidzi kwa mphamvu yosungidwa m'maginito a dziko, ndachimva. Kumchira kwa magnetosphere (dera lozungulira dziko lomwe maginito a dziko amalamulira), mbali ya usiku, mizere ya maginito imatanuka ngati legeni, kenako imaduka n'kulumikizananso, monga anaonera masetilaiti asanu a THEMIS mu 2008. Plasma (mpweya wa tinthu tokhala ndi magetsi) imathamangira kudziko, ndipo masetilaiti okhala pa makilomita pafupifupi 36,000 amangoona ma electron (tinthu ting'onoting'ono tokhala ndi magetsi) a mphamvu ya ma keV makumimakumi mpaka mazana (keV ndi muyeso wa mphamvu ya tinthu totere) atulukira mwadzidzidzi, n'kuyamba kuzungulira dziko cholowera kum'mawa.

Vuto langa lili pakatipo. Pali njira ziwiri zomwe electron ingapezere mphamvu, betatron ndi Fermi. Betatron ndikuimva: electron ikafika pomwe maginito ndi amphamvu, liwiro lake lozungulira mzere limakwera. Fermi imachitika mzere ukamafupika, electron ikunjanja uku ndi uku pakati pa malo awiri obwererapo. Nanga pa dipolarization front (malire akutsogolo a plasma yothamangira kudziko ija), iti imaposa inzake? Komanso kodi kungoyang'ana pitch angle (kupendekeka kwa njira ya electron poyerekeza ndi mzere wa maginito), kuti ma electron ambiri ali pa madigiri 90 kapena akutsata mzere, n'kokwanira kusiyanitsa ziwirizi? Ine ndikukayika, chifukwa mafunde a chorus (mafunde a wailesi achilengedwe a mu magnetosphere) amawabalalitsa msanga. Amene munagwirapo deta ya masetilaiti a MMS, ndiunikireni chonde.