Kodi filimu ya The Silver Chair idzatulukadi?

Moni nonse okonda nkhani za Narnia. Ndili ndi funso lomwe landisowetsa mtendere kwa zaka zambiri.

Pa mabuku 7 a C.S. Lewis onena za dziko longopeka la Narnia, atatu okha ndiwo adafika ku sinema: The Lion, the Witch and the Wardrobe mu 2005, Prince Caspian mu 2008, ndi The Voyage of the Dawn Treader mu 2010. Kumapeto kwa yachitatuyi, ana atabwerera kwawo kuchokera ku Narnia, timamva mayi ake a Eustace, mmodzi wa anawo, akumuitana kuti Jill Pole wabwera kudzacheza. Mtima wanga udadumpha pamenepo, poti Jill ndi wa mu The Silver Chair, buku lomwe ndimalikonda kuposa onse chifukwa cha Puddleglum, mmodzi wa otchulidwa m'nkhaniyo.

Mu 2013 adalengeza kuti filimuyi ipangidwa, mu 2017 nkutchula Joe Johnston ngati woitsogolera. Kenako mu 2018 Netflix idagula ufulu wa mabuku onse, nkhani ya The Silver Chair nkungoti zii.

Ndafufuza pa intaneti mpaka maso kuwawa. Zambiri zomwe ndikupeza ndi za wotsogolera mafilimu Greta Gerwig, yemwe wapatsidwa ntchito yoyambiranso Narnia. Matirela (timakanema totsatsa filimu) ena omwe ndidawakhulupirira adapezeka kuti ndi ongopeka, ndipo zidandipweteka kwambiri.

Ndithandizeni abale. Alipo amene waona chilengezo chenicheni chokhudza The Silver Chair? Nanga popeza akuyambiranso ndi osewera atsopano, mukuona kuti adzafika pa bukuli?