Bambo a mwana asiya kupereka ndalama zomwe khoti linalamula, nditani?

A admin ndibiseni dzina. Abale anga a kuno ku Joni, ndigawireni nzeru. Ndimakhala ku Rosettenville, ndimagwira ntchito ya m'nyumba. Bambo a mwana wanga tinasiyana, ndipo khoti la maintenance (loona za ndalama zosamalira ana) linawalamula kuti azipereka R1,200 pamwezi. Anangopereka miyezi yoyambirira, kenako zii. Ndikaimba akuti ntchito yavuta, chonsecho akukhoma malata kwawo ku Mangochi, zithunzi zili mbwee pa WhatsApp. Mwana nsapato ya sukulu inang'ambika kutsogolo, ndimachita kumata ndi guluu Lamlungu madzulo. Pano akundiopseza kuti ndikangobwerera kukhoti, akwera basi pa Park Station ndipo sindidzawaonanso. Kodi pepala la khoti lija lili ndi mphamvu? Nanga akathawadi, ndiye kuti zathera pomwepo?

Mayi wina wa ku Turffontein: Achemwali, mphamvu lili nazo, koma khoti silidziwa kuti sakulipira ngati inu simunakanene. Lamulo lake ndi Maintenance Act ya 1998. Pakangodutsa masiku 10 ndalama isanalowe, mukhoza kupita kwa maintenance officer, mkulu woona nkhanizi kukhotiko, kukadandaula. Tengani pepala lija ndi ma statement a kubanki oonetsa miyezi yomwe anadumpha. Ngati ali pa ntchito ya pamwezi, khoti limalamula abwana awo kuti azidula ndalamayo pa malipiro isanafike m'manja mwawo. Ine yanga imabwera choncho, sitiyankhulana n'komwe. Simulipira kalikonse, loya safunikanso. Koma mukalawire, mizere yake si yamasewera.

Bambo wina wa ku Mayfair: Inu musafulumire kumangitsa munthu. Akalowa m'ndende mwana adya chiyani? Ambirife ndi a maganyu, mwezi wina sitigwira kanthu. Itanani ankhoswe kaye.

Mayi wa ku Turffontein: Achimwene, ankhoswe sasintha zomwe khoti lalamula. Ngati ntchito yavutadi, iwowo ndi amene ayenera kupita kukhoti kukapempha kuti ndalamayo itsitsidwe, osati kungokhala chete. Kusalipira dala ndi mlandu, chilango chake ndi chindapusa kapena ndende mpaka zaka 3. Komanso ndende si njira yokhayo. Sheriff, yemwe amatumidwa ndi khoti, amatha kulanda katundu, kaya galimoto kaya TV, n'kugulitsa. Dzina lawo limathanso kupita ku credit bureau, komwe amasunga mbiri ya ngongole za anthu, ngongole ya m'sitolo osaionanso.

Wina wosatchula dzina: Za kuthawazo, Malawi ili m'gulu la mayiko omwe ali pa mgwirizano ndi South Africa pa nkhani ya maintenance, pansi pa lamulo la 1963. Chigamulo cha kuno chimatha kutumizidwa kumudzi kuti makhoti akumeneko achigwiritse ntchito. Kungoti zimayenda pang'onopang'ono chifukwa mapepala amadutsa m'maofesi a maboma awiri, ndiye yambani pano akadali konkuno. Lembani komwe amagwira ntchito, komwe amagona, ndi mudzi wawo ndi mfumu yake. Ngati pasipoti yanu ili ndi vuto, yambirani ku Legal Aid, bungwe la boma lothandiza pa za malamulo, mukafunse bwino, ndi ulere.

Mwini funso: Zikomo nonse. Bambo a mwanawo amagwira pa kontilakiti ya zomangamanga ku Midrand, amalandira pamanja Lachisanu lililonse, payslip palibe. Pamenepa kudula kuja kungatheke? Dzina la kampani ndili nalo, lili pa ovolosi yawo pa chithunzi china. Ndipempha madamu andipatse Lachiwiri ndipite.